Andikweza kuti ndiziyang'anira aphungu anzanga, ndiyambire pati?

Funso: Ndine katswiri wa zamaganizo, ndagwira ntchito yothandiza anthu zaka 8. Tsopano andikweza kuti ndiziyang'anira aphungu asanu, anzanga amene amapereka uphungu kwa anthu ovutika maganizo. Kodi ndipitirize kuona anthu onse amene ndinkawaona? Ndiyambire pati?

Yankho: Yambani ndi kuchepetsa anthu amene mumawaona. Ambiri akakwezedwa amafuna kusenza zonse, mapeto ake wodwala akulankhula iwo maganizo ali ku bajeti. Musalandire atsopano kwa miyezi ingapo. Amene mukuwatumiza kwa phungu wina auzeni kukadali milungu ingapo, ndipo muwapemphe chilolezo musanapereke fayilo yawo. Munthu amene anakuululirani zakukhosi sasamutsidwa ngati katundu.

Kenaka lekanitsani ntchito ziwiri zimene anthu amakonda kuzisakaniza. Ina ndi ya ubwana: tchuthi, kuchedwa kuntchito, malipiro. Ina ndi younika uphungu weniweniwo, nthawi imene phungu amabwera ndi nkhani yomwe yamukanika. Mukaziphatikiza pa mkumano umodzi, phungu amabisa pamene walakwitsa poopa kuti simudzamukweza, ndipo amene amavutika ndi wodwala. Wongoyamba kumene mpatseni ola limodzi sabata iliyonse, wozolowera ntchito kamodzi pamwezi. Chitseko chitsekedwe, foni izimitsidwe.

Pa ola limeneli musangofunsa kuti “zikuyenda?” chifukwa aliyense amayankha kuti eya. Pemphani kuona manambala. Fomu ya PHQ-9, yoyezera matenda ovutika maganizo, ili ndi mafunso 9 ndipo mapointi ake amayambira pa 0 kulekeza 27. Akafika 10, vuto si laling'ononso. Ngati munthu wabwera kasanu kapena kasanu ndi kamodzi koma mapointi sakutsika, kambiranani zosintha njira. Funso lomaliza pa fomuyi limakhudza maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza. Wodwala akapeza mapointi oposa 0 pa funso limeneli, phungu amufunse bwinobwino asanatuluke m'chipindamo ndipo akudziwitseni tsiku lomwelo. Lamuloli lilembedwe, pasakhale wonena kuti sankadziwa.

Muziyang'ananso kutopa kwa aphunguwo. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linafotokoza zizindikiro zitatu za kutopa kobwera ndi ntchito: kutha mphamvu, kusakhudzikanso ndi ntchitoyo, ndi kugwira ntchito mofooka. Mukamva phungu akuti “anthu awa sasintha,” musamudzudzule msanga. Werengani kaye nkhani zolemera zimene wasenza, zogwiriridwa ndi za nkhanza, muzigawe bwino.

Inunso pezani katswiri wakunja kwa bungwe lanu woti aziunika ntchito yanu, chifukwa amene mukuwayang'anira sangamasuke kukuuzani pamene mwaphonya.