Chaja ikuonetsa kuti yadzaza koma njinga sikuyaka: yankho kwa wakabaza wa ku Bangwe

Ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina wa kabaza amene amanyamula anthu pakati pa Limbe ndi Bangwe. Dzina sinditchula, koma ndamuyankhira pano chifukwa ndikudziwa kuti si yekha amene zikumuchitikira. Walemba motere:

"Akulu, chaka chatha ndinagula njinga yamagetsi ya 72V nditatopa n'kugona pamzere wa mafuta. Poyamba inkayenda bwino, kenako inayamba kumazima pamtunda ndikanyamula munthu, chonsecho ikuonetsa kuti moto ulipo pafupifupi theka. Ndinapita kumudzi kukadwazika mayi, njinga n'kukhala miyezi iwiri osaigwira. Pano ndikalumikiza chaja, kagetsi kake kakungoyaka kobiriwira ngati batire ladzaza, koma njinga sikuyaka olo pang'ono. Makaniko wina akuti ndigule batire lina. Wina akuti achotse BMS n'kulumikiza mawaya mwachindunji. Nditani?"

Achimwene, pepani ndi matenda a mayi, ndikhulupirira akupezako bwino. Za njingazo, musagule kaye batire, ndipo amene akufuna kuchotsa BMS uja (kabolodi koteteza batire kamene kamakhala m'kati mwake) musamupatse njinga yanu ngakhale atati akonza ulere. Onse awiriwo akuyankhula asanayeze chilichonse. Batire ndi chinthu chodula kuposa china chilichonse panjingapo, ndiye si chinthu chogula chifukwa choti munthu wangoyang'ana ndi maso n'kupukusa mutu.

Kagetsi kobiriwira kaja kakupusitsani. Chaja zambiri sizidziwa kuti batire ladzaza kapena ayi. Chimene zimaona n'choti moto ukutuluka kapena sukutuluka. Ukamatuluka, kagetsi kamafiira. Ukasiya, kamabiriwira. Yesani kuilumikiza kukhoma yokha osaiika kunjinga, ambiri mwa machajawa muona kuti akubiriwirabe. Ndiye zimene chaja yanu ikunena n'zoti moto sukudutsa, basi. Ntchito yathu n'kupeza pamene ukutsekeka, kuyambira kukhoma mpaka m'kati mwa batire.

Pezani multimeter, kamita koyezera magetsi kamene amakhala nako okonza mawailesi ndi mafoni mumsika wa Limbe. Ngati simunaigwirepo, pitani ndi munthu woidziwa, chifukwa moto wa 72V si wosewera nawo, ndipo sipanala ikangogunda mbali zonse ziwiri nthawi imodzi imasungunuka muli chigwirire.

Yambani ndi zotchipa. Onani kaswitchi kotetezera kamene njinga zambiri zimakhala nako pansi pa mpando, mwina kanagwa kapena wina anakazimitsa muli kumudzi. Onani fyuzi ya pawaya wochokera pobayira chaja kupita ku batire. Kenako yang'anitsitsani pobayirapo ndi tochi. Mano ake akuyenera kukhala owala ndi olimba. Mukaona lina lada ngati lapsa, pulasitiki yozungulira yafewa n'kupindika, kapena pali dzimbiri lobiriwira lija limabwera ndi madzi a mvula, vuto likhoza kukhala pomwepo. Nthawi zina dzino limakankhikira m'kati moti pulagi imalowa bwinobwino koma osakhudza chitsulo. Zimenezi n'zosintha tsiku limodzi, pamtengo wosafika n'komwe pa wa tayala.

Mukatero tembenuzani chaja muwerenge chikalata cha kumbuyo, pamene palembedwa Output. Nambala imeneyo ndi yofunika kwambiri, ndipo anthu ambiri apsetsa mabatire chifukwa chosaiwerenga. Mabatire onse otchedwa 72V si ofanana. La lithium wamba limakhala ndi magulu 20 a maselo (timabatire ting'onoting'ono ta m'kati) olumikizidwa mondondozana, gulu lililonse limadzaza pa 4.2V, ndiye chaja yake imatulutsa 84V. La lithium wa mtundu wina wotchedwa LiFePO4 nthawi zambiri limakhala ndi magulu 24, lililonse 3.65V, chaja yake 87.6V. Palinso njinga zoyendera mabatire 6 a asidi a 12V, zomwe chaja yake imachitanso ntchito mwanjira ina. Choipa n'choti pulagi yake imakonda kukhala yofanana, ya mano atatu ngati ya kompyuta ija, moti chaja ya mnzanu wa pasiteji imalowa ndithu panjinga yanu. Kulowa si kugwirizana. Mafakitale ena amasinthanitsanso mbali ya + ndi ya − papulagi yomweyo. Ngati munabwerekapo chaja, muuzeni wokonzayo, musabise.

Yezani potulukira pa chajayo ili kukhoma. Ikaonetsa nambala ya pachikalata paja, chaja ili moyo. Ikaonetsa ziro musaitaye msanga, pakuti chaja zina sizitulutsa kanthu mpaka zitamva kuti kutsogolo kuli batire. Njira yabwino apo n'kukaiyesa panjinga ina yofanana ndendende ndi yanu. Chaja zimafa kawirikawiri kuposa mabatire, makamaka kwa anthu a kabaza amene amayenda nazo pansi pa mpando tsiku lonse. Mabampu a msewu wa fumbi amathyola timiyendo ta zipangizo za m'kati, fumbi limatseka kafani, chaja n'kumatentha mpaka kupsa. Wokonza ma TV wodziwa ntchito amatha kuwotcherera pothyokapo. Nokha musaitsegule, m'katimo mumatsala moto wopitirira 300V ngakhale mutaizula kukhoma.

Tsopano batire lenilenilo, lomwe ndikuganiza kuti ndi pamene pagona nkhani yanu. Yezani pa mawaya ake akuluakulu awiri. Ngati ndi la 84V lija, likakhala bwino limaonetsa pakati pa 60V ndi 84V. Mukapeza ziro, kapena nambala yaing'ono yosakhazikika, sizitanthauza kuti maselo onse afa. Kawirikawiri ndi BMS yatseka njira.

BMS ndi kabolodi ka m'kati mwa batire kamene kamayang'anira gulu lililonse la maselo palokha. Gulu lina likakwera kupitirira malire, likatsika kwambiri, kapena batire likatentha, kamadula moto. Njinga ikangokhala, moto umathabe pang'onopang'ono: alamu ikudya, kachipangizo kolondolera njinga kaja amaika ogulitsa pangongole kakudya, BMS yomwe ikudyanso. Mukaisiya ili kale ndi moto wochepa, miyezi iwiri ndi yokwanira kuti gulu lofooka litsike mpaka BMS itseke. Ndiye chaja ikabwera ikupeza khomo lotseka, n'kubiriwira.

Apa ndi pamene vuto lanu loyamba lija, lozima pamtunda, likukumana ndi lachiwirili. Magulu a maselo ali ngati ng'ombe zokoka ngolo: imodzi ikagwada, ngolo yaima, ngakhale inzakeyo ili ndi mphamvu zake zonse. Pokwera mtunda wa ku Bangwe ndi munthu kumbuyo, mwinanso ndi thumba la makala, injini imakoka moto wambiri nthawi imodzi. Gulu lofooka limagwa msanga, BMS n'kudula, pamene mita ya pa handulo ikuwerenga batire lonse pamodzi n'kumakuuzani kuti theka lilipo. Batire lanu linayamba kudandaula kalekale musanapite kumudzi.

Chimachititsa kuti magulu asiyane chonchi n'chiyani? Nthawi zina ndi maselo achabechabe ochokera kufakitale. Koma kwathu kuno pali chifukwa china chimene mabuku a njingazi satchula. BMS zambiri zotchipa zimalinganiza magulu kumapeto kwenikweni kwa kutchaja, batire likamayandikira kudzaza, ndipo zimachita zimenezi pang'onopang'ono kwambiri. Tsono taganizani mmene timatchajira: mwabaya usiku, magetsi athima pakati, m'mawa mwazula n'kuthamangira makasitomala. Masana mwabayako pang'ono pa shopu ya mnzanu. Batire limatha milungu osafika kumapeto, magulu n'kumatalikirana. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya ma megawatt pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Munthu wogula njinga yamagetsi kuno ayenera kuwerengeratu kuti kuthima kudzakhalapo. Mankhwala ake ndi osavuta: kamodzi pa sabata, tsiku limene magetsi akhazikika, lisiyeni batire lidzaze mpaka kagetsi kabiriwire, n'kulisiyabe pachaja ola limodzi kapena awiri inu muli pomwepo.

Chimene mukufuna panopa ndi munthu woti atsegule batire n'kuyeza gulu lililonse palokha, inu mukuona, manambala n'kulemba papepala. Koma musanamasule bawuti iliyonse, onani mapepala anu ogulira. Ngati chitsimikizo cha wogulitsa chisanathe, kapena mukubwezabe ngongole, bwererani nayo kaye komweko, chifukwa batire likatsegulidwa kwina amakana kulilandira.

Manambalawo awerengeni chonchi, ngati ndi lithium wamba. Magulu onse akakhala pafupipafupi, cha m'ma 2.8V kapena 3V, batire langogona. Wodziwa amalidzutsa ndi moto wochepa kwambiri mpaka BMS itatsegula, kenako chaja yanu n'kupitiriza. Magulu 19 akakhala bwino koma limodzi lili pansi kwambiri, gulu limenelo ndiye lodwala, ndipo limasinthidwa ndi maselo a mtundu womwewo ndi kukula komweko, osati otola m'mabatire akale a laputopu. Selo limene latsika pansi pa 2V n'kukhalitsa choncho limawonongeka m'kati, moti kulikakamiza kulandira moto n'kuitana ngozi. Magulu ambiri akakhala otero, apo ndiye makaniko woyamba uja wanena zoona, batire lapita. Ndipo magulu onse akakhala abwino koma kunja sikukutuluka kanthu, yafa ndi BMS, yomwe imasinthidwa payokha. Ingoonetsetsani kuti yatsopanoyo ndi ya magulu ofanana ndi anu komanso ya mtundu wa maselo anu.

Za kuchotsa BMS zija ndikanize kachiwiri. Njinga idzayaka ndithu tsiku limenelo, mudzalipira mukusekerera. Koma chaja imangoona 84V ya batire lonse, sidziwa kuti gulu lina latsalira ndipo ena akwera kupitirira 4.2V kuti akwaniritse nambalayo. Selo la lithium likapitirira malire limatentha, kutupa, kenako kuyaka, ndipo moto wake umayatsa selo loyandikana nalo mpaka onse atatha. Ndowa imodzi ya madzi siuthetsa, utsi wake ndi wa poizoni. Ambiri a inu mumagoneka njinga m'nyumba poopa akuba, zomwe n'zomveka, koma musatchajire m'chipinda chogona kapena pakhomo lokhalo lotulukira. Mukamva kafungo kachilendo konga ka mankhwala, mukaona bokosi la batire lafufuma, kapena likutentha moti dzanja silingakhalepo, zulani kukhoma, itulutseni panja kutali ndi denga la udzu.

Batire likadzachira, kukhoma nakonso kusamalidwe. Batire la 72V 40Ah limasunga pafupifupi mayunitsi atatu a ESCOM, ndipo ndi chaja ya 10A limadzaza m'maola anayi kapena asanu. Nthawi yonseyo chaja ikukoka cha m'ma watt 900. Ma ekisitenshoni otchipa aja, a waya woonda ngati ulusi, amafunda mpaka kusungunuka, makamaka mukawasiya okulungakulunga. Bayani pasoketi ya kukhoma yolimba, pulagi ya mano atatu yokhala ndi fyuzi yake, osati mawaya awiri osomeka ndi kamtengo. Magetsi akathima zulani chaja, akabwera dikirani mphindi zingapo akhazikike, chifukwa pobwera pamenepo ndi pamene zinthu zambiri zimapsa. Fridge guard imathandiza, bola muone kuti mphamvu yake ikukwana chaja yanu. Jenereta yaing'ono yosinthasintha mawu ija ndi inveta zotchipa zimapha chaja. Sola ya panyumba ya panelo imodzi yoyatsira mababu ndi kutchaja mafoni singadzaze njinga, ndipo panelo isalumikizidwe ku batire mwachindunji.

Musabaye chaja mutangofika kumene, batire likadali lotentha ndi ulendo. Lipumitseni kaye theka la ola pamthunzi. Lithium safuna kutchajidwa kutentha kukapitirira madigiri 45, ndiye anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje m'mwezi wa October azitchaja usiku kapena m'mamawa. Nthawi ya mvula, pobayira paja pazikhala potseka ndi kachivindikiro kake, ndipo potsuka njinga musapopere madzi pamenepo.

Ku Kigali kampani ya Ampersand, ndi ku Kampala ya Zembo, anakonza zoti wanjinga asakhale mwini batire. Likatha amakasiya pasiteshoni n'kutenga lodzaza m'mphindi zochepa, mavuto a maselo n'kukhala a kampani. Ine ndimaona kuti kabaza wamagetsi adzayenda bwino kuno njira imeneyo ikadzafala, chifukwa si chilungamo kuti munthu wopeza ya ndiwo patsiku asenze yekha chinthu chodula chonchi popanda okonza ophunzira pafupi.

Ulendo wina mukadzachokapo nthawi yaitali, siyani batire lili ndi moto cha pakati, zimitsani kaswitchi ka pansi pa mpando kapena zulani batirelo, ndipo pakhale munthu wolibayako pang'ono kamodzi pamwezi. Panopa nditumizireni chithunzi cha chikalata cha pachaja, cha pabatire, ndi nambala imene multimeter ionetse pa mawaya akuluakulu aja. Mukapeza woyeza magulu, mutumizenso pepala la manambalawo musanalipire aliyense.