Kachidole kali pawindo panuko kali ndi ulendo wake, achemwali

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa kwathu amene akugwira ntchito ku Leeds. Mwana wawo wa zaka 10 wawakokera m'masewera a geocaching, aja osaka timabokosi tobisika potsatira GPS ya pafoni. Apeza timabokosi 6, ndipo kanayi abwerako chimanjamanja. Tsiku lina mwanayo anatenga m'kabokosi kachidole kokolekedwa kachitsulo kolembedwa nambala, ndipo kakhala pawindo mwezi wathunthu. Mayiwa akufunsa ngati aba, ngati maulendo olephera aja ayeneranso kulembedwa pa intaneti, zimene anthu odzitama kuti apeza 1,000 amatsata, komanso ngati angabise kabokosi kawo kumudzi ku Dedza akapita pa Khirisimasi.

Achemwali, simunabe, koma kachidoleko kabwezeni panjira sabata yomwe ino. Kachitsulo mukuonako ndiko kakusonyeza kuti si kamphatso. Osewera amakatcha travel bug, kapena trackable. Pali munthu amene anagula kachitsuloko, nakakoleka pachidole, nakalembera cholinga pa intaneti: mwina kafike ku Japan, mwina kazijambulidwa pafupi ndi milatho. Nambala ija mukailowetsa pa Geocaching.com, webusayiti ya masewerawa, muona tsamba lake, mwini wake, ndi makilomita amene kayenda. Lembani pamenepo kuti kali m'manja mwanu, kenako mukakasiye m'kabokosi kena kumene kangayandikire cholinga chake. Mwambo wake ndi wakuti usakhale nako kupitirira masabata awiri osamuuza mwini wake. Nambalayo musaionetse pachithunzi, chifukwa ena angailembe ngati kuti akaona pamene sanakakhudze n'komwe. Mwana akamva kuti kachidole kake kadutsa m'manja mwa anthu ambirimbiri ndipo tsopano ndi iye woti akapititse patsogolo, sindikukayika kuti akapereka ndi mtima umodzi.

Zoseweretsa zina zopanda nambala, monga mabulo, makiyi a pulasitiki ndi timagalimoto, n'zosinthana. Ukatenga chimodzi, siya china chofanana nacho mtengo kapena choposa. Chakudya ayi, ngakhale switi, chifukwa nyama zimanunkhiza n'kuswa kabokosi.

Lamulo losinthanali ndi lakale ngati masewerawo. Kumayambiriro kwa May 2000 boma la America, Bill Clinton ali pulezidenti, linasiya kusokoneza dala GPS ya anthu wamba, imene inkaphonya malo ndi mamita pafupifupi 100. Pa 3 May, Dave Ulmer anasiya chidebe chakuda m'tchire pafupi ndi Beavercreek ku Oregon. Munali kabuku kosainamo, pensulo, mabuku, matepi a kanema, legeni ndi chitini cha nyemba. Analengeza manambala a malowo pa intaneti n'kunena kuti wopeza atengeko kanthu, asiyeponso kanthu. Mike Teague ndiye anayamba kuchipeza. Pamene Jeremy Irish ankatsegula Geocaching.com mu September chaka chomwecho, timabokosi todziwika tinali 75. Lero tapitirira 3 miliyoni m'maiko oposa 190, popanda mlonda ngakhale mmodzi. Chimene chimandikhudza mtima n'chimenecho: munthu amasiya katundu wake pansi pa mtengo n'kukhulupirira alendo amene sadzawaona nkhope.

N'chifukwa chake maulendo anayi mwalephera aja muwalembe. Pa app pali posankha kuti DNF, kutanthauza kuti ndinasaka koma sindinapeze, ndipo pamapu anu pamabwera kankhope kabuluu kokhumudwa. Ambiri amachita nako manyazi, amangochoka mwakachetechete. Koma mwini kabokosi alibe njira ina yodziwira kuti zinthu zavuta. Ine ndinazungulirapo chitsa china maulendo atatu osapeza kanthu. Nditalemba DNF, anthu ena awiri analembanso, mwini wake anapita kukaona, n'kupeza kuti otchetcha udzu anakataya kalekale. Tikanakhala chete tonse, mabanja angati akanathera Loweruka lawo pachitsa chopanda kanthu?

Mukapeza kabokosi, sainani m'kabuku ka m'katimo, chifukwa dzina la papepala ndiwo umboni. Cholembera muziyenda nacho, popeza timabokosi tina n'tochepa ngati nsonga ya chala. Mukatseke bwino, mukabwezere pomwe mwakapeza, osati pamene inu mukuganiza kuti pangakhale pabwino. Yang'anani kaye ngati odutsa, amene osewera amawatcha mamuggle, sakukuonani, chifukwa wosadziwa akaona amatenga kapena kuitana apolisi. Ndipo polemba pa intaneti musangoti TFTC, chidule cha kuthokoza. Lembani mizere iwiri itatu: kunagwa mvula, mwana ndiye anakaona, simunkadziwa kuti kuseri kwa tchalitchi kuli kamtsinje. Malipiro a mwini kabokosi ndi mawu amenewo basi.

Za manambala ndinena mwachidule. Anthu amakondwerera akapeza kabokosi kawo ka 100, ka 500, ka 1,000, ndipo ambiri amasankhiratu kabokosi kapadera ka tsikulo. Kabokosi kalikonse kali ndi nyenyezi 1 mpaka 5 za kuvuta kwa kabisidwe, ndi zina 1 mpaka 5 za kuvuta kwa njira, kuwerengera ndi matheka omwe, kotero pali magulu 81 ndipo ena amafuna kuwadzaza onse. Ena amafuna kuti pa mwezi uliwonse kuyambira May 2000 apeze kabokosi kamodzi kobisidwa mwezi umenewo, n'chifukwa chake amapita mpaka ku Kansas kukasaina Mingo, kakale kuposa tonse timene tidakalipo. Ena amathamangira kukhala oyamba kupeza kabokosi katsopano. Zonsezi n'zokoma, koma ine ndimalemekeza kwambiri amene amabwera ku CITO, tsiku limene osewera amakumana kutola zinyalala m'paki. Pezani msonkhano waung'ono wa kufupi ndi kwanu mupite ndi mwana. Kumeneko ndiko mungaphunzire msanga, ndipo travel bug ija mutha kuipereka pamanja.

Tsopano za ku Dedza. Kabokosi katsopano kasanatuluke pamapu kamadutsa kwa wounika wongodzipereka. Amafuna kuti katalikirane ndi kanzake mamita 161, kasakwiriridwe pokumba, mwini malo avomere, ndipo wobisayo azitha kukakonza kakanyowa kapena kakasowa. Apa ndi pamene inu mungakanidwe, pokhala kuti mukukhala ku Leeds, pokhapokha mutasonyeza munthu wodalirika wa komweko woti azikasamala. Kupatula malamulowo, kwathu mukukudziwa. Mlendo wofukula patsinde pa mtengo, foni m'manja, n'kutulutsa kabotolo kokulungidwa, anthu sangaganize za masewera. Kambiranani ndi amfumu ndi eni munda, anthu oyandikana nawo adziwe. Kumanda ndi kudambwe musayandikireko, ngakhalenso pamiyala ya zojambula zakale za ku Chongoni, imene ndi yotetezedwa. Mukapanda kupeza wosamala, chaka chino ingopitani mukasake timene ena anabisa kale.

Koma usiku uno yambani ndi kachidoleko. Lembani nambala yake, mumuuze mwini wake kuti kali bwino ku Leeds, kali ndi mnyamata wa zaka 10, ndipo kanyamuka Loweruka.