Mapu a pa chartplotter akapiringizana: chochotsa ndi chosiya

Mmodzi wa owerenga athu watumiza imelo yofunsa za chartplotter (makina oonetsa mapu a panyanja ndi pomwe boti lili) ya mainchesi 7 yomwe ili pa boti lawo. Akuti manambala, mizere ndi zizindikiro zimangopanikizana pa sikirini moti sazindikira msanga pomwe pali posaya. Masana dzuwa likaswa saona kanthu, usiku sikiriniyo imawathobwa m'maso. Botilo limalowa m'madzi mamita 1.5, ndipo funso lawo ndi lakuti kodi agule ina yaikulu?

Musathamangire kugula, bambo. Makinawa amabwera kuchokera kufakitale atayatsa zinthu zambirimbiri, pomwe woyendetsa boti akaponya diso pa sikirini afunika aone kaye chinthu chimodzi: kodi kutsogoloku madzi akukwanira? Zonse zomwe musinthe zitsate funso limeneli.

Dziwani kaye mtundu wa mapu anu. A raster ndi chithunzi chabe cha mapu a papepala, simungachotsemo kanthu. A vector, monga a Navionics, C-MAP ndi BlueChart a Garmin, ali m'magawo osanjikizana, ndipo gawo lililonse mutha kuliyatsa kapena kulizimitsa. Zomwe ndikunenazi ndi za vector.

Yambani ndi muyeso wa kuya. Sankhani mamita kapena mafiti, ndipo chipangizo choyezera kuya chikhalenso pa muyeso womwewo. Mapu ena akale ali mu fathom, ndipo fathom imodzi ndi mafiti 6, pafupifupi mamita 1.83. Nambala 3 mukaiwerenga ngati mamita pomwe ili mu mafiti, ndiye kuti pamalopo madzi sakufika ngakhale mita imodzi.

Kenako pitani pomwe alemba kuti Safety Depth, Safety Contour kapena Shallow Shading, dzina limasiyana malinga ndi kampani. Apa ndi pomwe pagona nkhani. Tengani mamita 1.5 a boti lanu, onjezani mita imodzi yoti itsale pansi pake, ndi theka la mita chifukwa boti limatsika likalowa pakati pa mafunde. Zikupatsani mamita 3. Mukalemba nambalayi, madzi osaya kuposa pamenepo apakidwa mtundu wina, kawirikawiri wobiriwira ngati thambo, pomwe akuya atsala oyera, monga zimakhalira pa mapu a papepala. Tsopano simufunikanso kuwerenga nambala iliyonse, mukungopewa mtunduwo. Koma musadabwe malo opakidwa akakula kuposa momwe mumayembekezera. Mapu ambiri ali ndi mizere ya kuya (yolumikiza malo omwe kuya kwake n'kofanana) ya mamita 2, 5, 10 ndi 20 basi, ndipo makina ambiri akasowa mzere wa mamita 3 amatenga wotsatira wakuya, wa mamita 5. Amatero dala kuti akutetezeni. Chomwe sindikufuna ndi chakuti mutsitse nambalayo kufika pa 2 pofuna kuti sikirini iyere, chifukwa pamenepo pansi pa boti patsala theka la mita lokha. Kumbukiraninso kuti kuya kolembedwa pa mapu a nyanja zamchere kumayezedwa kuchokera pomwe madzi amafika akaphwa kwambiri, ndipo pa nyanja za pakati pa mtunda madzi amakwera ndi kutsika malinga ndi nyengo.

Mukatero zimitsani zosafunika poyenda: zithunzi za madoko, malo ogulitsira zinthu, mayina a misewu ya kumtunda, ndi mizere ya maulendo akale, yomwe ikachuluka imaphimba miyala. Mizere ya kuya yothithikana, ngati ya mapu a Navionics otchedwa SonarChart, ndi yabwino posodza koma poyenda imadzaza sikirini yonse. Ngati makina anu amalola, bisani manambala a madzi akuya kuposa mamita 20. Ngati muli ndi AIS, chipangizo choonetsa zombo zina pa mapu, ionetse zombo zapafupi zokha, tinene mkati mwa mamailo 5 a panyanja. Koma miyala, zombo zomira, zizindikiro zoyandama, nyale ndi zingwe za pansi pa madzi musazikhudze ngakhale pang'ono.

Choopsa chachikulu pa mapu a vector nachi. Mukachepetsa mapu kuti muone dera lalikulu, makina amachotsa okha zinthu zina kuti sikirini isadzaze, ndipo nthawi zina zochotsedwazo ndi miyala yeniyeniyo. Pa 29 Novembala 2014, boti la Team Vestas Wind, lomwe linali pa mpikisano wa Volvo Ocean Race, linagunda matanthwe a Cargados Carajos kumpoto chakum'mawa kwa Mauritius. Anthu onse anapulumuka. Ofufuza anapeza kuti matanthwewo analimo m'mapu, koma ankaoneka bwino pokhapokha munthu akakuza. Amenewa anali akatswiri. Choncho musananyamuke, tsatirani njira yanu yonse mapu atakuzidwa, chidutswa ndi chidutswa. Poyenda gawani sikirini pawiri, mbali ina ionetse mailo imodzi kutsogolo, ina mamailo 6 kapena 10. Kukuza mopitirira nakonso kumanamiza: mapu opangidwa pa mlingo wa 1:50,000 saonjezera kanthu mukawakuza kwambiri, mumangoona malo oyera n'kuganiza kuti palibe choopsa.

Za komwe mapu aloza, North Up imaika kumpoto pamwamba ndipo mapu sagwedezeka. Head Up imazungulira ndi boti, koma ngati mulibe kampasi yamagetsi yolumikizidwa, mapu amangovinavina boti likamayenda pang'onopang'ono, poti GPS imadziwa komwe mukulowera pokhapokha mukuyenda ndithu. Ine ndimalimbikitsa North Up kapena Course Up (yomwe imaika pamwamba njira yomwe mukutsata), pamodzi ndi mzere wosonyeza komwe boti lifike pakatha mphindi 6. Pa liwiro la 10 knots (mamailo 10 a panyanja pa ola), mzerewo ndi mailo imodzi ya panyanja ndendende.

Vuto la masana nthawi zambiri ndi magalasi a dzuwa a polarized (ochepetsa kunyezimira kwa madzi), omwe amadetsa sikirini za LCD mukaziyang'ana chammbali. Avuleni muone kusiyana kwake. Pendeketsani makinawo kuti aloze kumaso kwanu, osati kuthambo, ndipo kwezani kuwala mpaka kumapeto. Mchere ukauma pagalasi, tsukani ndi madzi abwino musanapukute ndi kansalu kofewa, apo ayi mukanda galasilo.

Usiku musangochepetsa kuwala, sankhani mitundu ya usiku, chifukwa maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima ndipo sikirini yoyera imafafaniza zonsezo nthawi imodzi. Yeserani mitunduyi muli padoko, poti madzi osaya amasintha maonekedwe. Kukacha, sikirini yomwe inatsitsidwa usiku imaoneka ngati yazima. Pa makina ambiri kudina batani loyatsira pang'ono, osaligwiritsa, kumabweretsa posinthira kuwala, ndiye phunzirani kupeza batanilo ndi chala chokha.

Mukachita zonsezi koma n'kupeza kuti sikirini yogawa pawiri ikuchepa, kapena mumaima kutali nayo kuposa pomwe mkono ukufika, pamenepo ya mainchesi 9 idzakuthandizanidi. Musanalipire, onetsetsani kuti kadi lanu la mapu ligwira ntchito m'makina atsopanowo, chifukwa si onse omwe amawerenga mapu a kampani iliyonse.