Gitala ikukupwetekani zala ndipo F sakulira? Yambani mwayeza nsambo

Achimwene, mwati gitala ya bokosi yomwe munagula kwa munthu ku Mbare mumzinda wa Harare ikukudulani zala, ma chord akungonjenjemera, F wakana, pomwe inu mukufuna kuimbira kwaya ya kutchalitchi komanso kudzafika pa sungura. Musadziweruze msanga. Nthawi zambiri wolakwa amakhala gitalayo.

Tengani rula, mupite pa fret ya 12 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pakhosi la gitala, towerengedwa kuchokera kumutu), muyeze mpata wa pakati pa nsambo ndi kachitsulo ka fret. Ku nsambo yonenepa uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 2.5, ku yopyapyala pafupifupi 2. Ukafika 4, ngakhale katswiri angalire nayo. Zoyambitsa zimakhala zitatu: khosi lapindika, saddle (kafupa kapena kapulasitiki komwe nsambo zimatsamira pabokosi) ndi yaitali, kapena bridge (kathabwa komatidwa pabokosi komwe nsambo zimamangidwa) ikumatuka. Poyesa khosi, dinikizani nsambo yonenepa pa fret 1 ndi pa fret 14 nthawi imodzi, muyang'ane pa fret 7. Mpata wake uzingokwana kapepala kolimbirako. Ukakula, mangani truss rod (chitsulo cha m'kati mwa khosi chomwe chimaliwongola) ndi Allen key, kotala chabe la kuzungulira, mudikire tsiku musanaonjezere. Ikalimba musaikakamize, imathyoka, ndipo kuikonza kungadule kuposa gitalayo. Ngati pepala likulowa pansi pa bridge, masulani nsambo mupite nayo kwa mmisiri. Super glue ayi.

Onaninso mtundu wa gitala yanu. Ngati inapangidwira nsambo za nayiloni koma wina anaikapo zachitsulo, zichotseni lero lomwe. Zachitsulo zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, za nayiloni pafupifupi 40, ndiye khosi ndi bridge sizingapirire. Ngati ndi ya zachitsulo ndithu, gulani paketi ya nsambo zopyapyalako, za geji 10 kapena 11 m'malo mwa 12, zala zipumeko.

Nyengo ya Harare nayo imachita zake. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala mpweya umauma kwambiri, thabwa limafota, nsonga za ma fret zimayamba kukanda m'dzanja, mwinanso nkhope ya gitala kung'ambika. Isungeni m'chikwama chake pamodzi ndi kasiponji konyowa pang'ono m'kabokosi ka sopo koboola. Mvula ikayamba thabwa limatupa, nsambo zimakwerako, ndiye chotsani siponjiyo. M'galimoto yoima padzuwa musaisiye, guluu amafewa.

Tsiku lililonse yambani ndi kutchuna: E, A, D, G, B, E kuchokera ku yonenepa. App ya pafoni ndi yokwanira. Nsambo ikapitirira, itsitseni kaye kenako muikweze, chifukwa yotchunidwa motsitsa imathawa msanga.

Tsopano zala. Wengani zikhadabo za dzanja logwira khosi. Dinikizani ndi nsonga ya chala, pafupi kwambiri ndi kachitsulo ka fret ka mbali yoloza ku bokosi la gitala, osati pakati pa mpata. Apa ndi pomwe kunjenjemera kuja kumachokera, ndipo ambiri amangoonjezera mphamvu pomwe chofunika ndi kusuntha chala pang'ono. Chala chachikulu chikhale kuseri kwa khosi. Mukagwira chord, lizani nsambo imodziimodzi kuti mupeze yomwe yagontha, kawirikawiri imakhala itakhudzidwa ndi chala choyandikana nacho. Mphindi 15 m'mawa ndi 15 madzulo zimaposa maola atatu a Loweruka lokha. Khungu limalimba pakatha milungu itatu kapena inayi, koma musaimbe mutangochapa kumene, limasupuka. Kuwawa kwa nsonga za zala n'kwabwinobwino. Kwa m'mfundo za dzanja n'kwina, kukayamba siyani, muone mmene mwapindira dzanjalo.

Yambani ndi Em, Am, C, G ndi D. Chovuta si kugwira chord koma kusintha. Ikani metronome (app kapena kachipangizo kogunda nthawi) pa 60, kugunda kanayi pa chord iliyonse, ndipo dzanja lokhwatcha lisaime ngakhale linzakelo lachedwa. Mukadutsa kakhumi osaphonya, onjezerani 5. Fufuzani zala zosafunika kunyamuka: kuchoka pa Am kupita pa C chimasuntha chala chachitatu chokha (choyandikana ndi chaching'ono), kuchoka pa fret 2 ya nsambo ya G kupita pa fret 3 ya nsambo ya A.

F musalimbane naye yense pano. Gwirani wamng'ono: chala chamkombaphala chigone pa nsambo ziwiri zopyapyala pa fret 1, chapakati pa fret 2 ya G, chachitatu pa fret 3 ya D, mulize nsambo zinayi zokhazo. Wamkuluyo, yemwe chala chamkombaphala chimagona pa nsambo zonse, muphunzireni pa fret 5, pomwe nsambo ndi zofewerapo, mukudinikiza ndi m'mbali mwa chala pomwe pali fupa, kenako muzitsika fret imodziimodzi. Ngati kwaya yanu imakonda kuimba mu F, ikani capo (kachipangizo kopana nsambo zonse pakhosi) pa fret 3: mukagwira D, G ndi A zimamveka F, B flat ndi C. Ena amati capo ndi ulesi. Asiyeni anene, Lamlungu silidikira.

Za sungura, ma chord ake ndi ochepa, kawirikawiri atatu ozungulira, koma ntchito ili kudzanja logwira pick, kapulasitiki kokhwatchira nsambo. Phunzirani kumenya pansi, m'mwamba, pansi, m'mwamba mosinthanasinthana pa nsambo imodzi musanathamange, ndi pick yolimbirako chifukwa yofewa imachedwa kubwerera. Ambiri amathamangira lead, koma yambani ndi rhythm, yomwe imanyamula nyimbo yonse. Mvetserani zomwe Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso ankachita mu gulu loimba la Khiama Boys, mutchere khutu ku gitala imodzi yokha nthawi iliyonse. Pa YouTube tsitsani liwiro lifike 0.5, mutenge kachidutswa ka masekondi asanu, muchibwereze mpaka chilowe. Dzijambuleni pafoni kamodzi pa mlungu, mudzamva pomwe mukuthamangira nthawi. Mukafuna wina wokuonani manja maso ndi maso, kafunseni ku Zimbabwe College of Music za maphunziro a gitala, kapena mupemphe woimba gitala wa kutchalitchi kwanu akupatseni mphindi 20 mukaweruka.