Beetle ya 1965 kapena Citi Golf, nditenge iti?

Funso: Amakaniko, ndili ku Joni ndipo ndapeza galimoto ziwiri zakale za Volkswagen: Beetle 1200 ya 1965 ndi Citi Golf 1.6 ya m'ma 1990. Ndikufuna kubwera nayo imodzi kumudzi. Zikusiyana pati?

Yankho: Achimwene, za papepala n'zosavuta. Beetle ili ndi injini ya 1192cc kumbuyo, yozizira ndi mphepo, mphamvu zake 34 hp (horsepower, muyeso wa mphamvu za injini), ikathamangitsitsa imafika 115 km pa ola. Magetsi ake ndi a 6 volts, ndiye batire mudzaifuna mpaka kutopa. Citi Golf ndi Golf yoyamba ija ya 1974, imene anapitiriza kupanga ku Uitenhage, ku South Africa komweko, kuyambira 1984 mpaka 2009. Injini kutsogolo, yozizira ndi madzi, mphamvu kuposa kawiri za Beetle.

Koma Beetle imene mwaionayo si ya papepala ija. Musanatchule mtengo, injini ili yozimitsa, tsegulani kumbuyo mugwire pulley yaikulu yam'munsi (gudumu lozunguza lamba) ndi manja awiri. Kokani, kankhani, kokaninso. Siyenera kusuntha kupitirira 0.15 mm, moti diso silingaone n'komwe. Mukamva kuti gu! gu!, crankshaft (chitsulo chozungulira m'kati mwa injini, pamene pulley yamangidwa) ikusewera, ndipo nthawi zambiri yadya kale thupi la injini. Imeneyo ndi ntchito yophwasula injini yonse. Wogulitsa adzati "ma Beetle onse amatero". Bodza. Ine ndimakoka pulley ndisanamupatse n'komwe moni mwini galimoto, ndipo ikagogoda sindisuzumiranso mkati. Utoto wonyezimira usakupusitseni.

Zimafika pamenepo chifukwa cha eni ake. Injini imeneyi ilibe fyuluta ya oyilo, ili ndi kasefa chabe, ndipo oyilo wake ndi malita 2.5 okha. Amafunika kusintha pa 5,000 km iliyonse, koma munthu amayenda naye chaka chathunthu mpaka kuda ngati phula. Kenako aika lamba wa fani wotchipa, lamba aduka panjira, injini ipsa. Mlandu n'kukhala wa galimoto.

Golf yo onani dzimbiri pansi pa makapeti, ndipo timing belt (lamba wa mano woyendetsa ma valve, tizitseko ta mpweya m'injini) musinthiretu, wa orijino, osati wa pamsika.

Ngati ndi yoyendera tsiku ndi tsiku, tengani Golf, zipangizo zake n'zosasowa ku Joni komweko. Beetle mugule ngati pulley ili nji, komanso ngati kumudziko kuli makaniko wodziwa kutchera ma valve injini ili yozizira.