Pa Likoma njala imayambira pa mitengo yodzala ya chinangwa

Achemwali, zoti mudzale chimanga kuti musamadalirenso ufa wobwera pa sitima yapamadzi zisiyeni kaye. Dothi la pa Likoma ndi pa Chizumulu ndi mchenga ndi miyala, silisunga madzi, feteleza mukathira mvula ikagwa kawiri wapita. Chimene chimagoneka ana atakhuta mwera ukakula mu June ndi July, maboti osawoloka, ufa wa ku Nkhata Bay ndi ku Cobue (ku Mozambique) osafika, ndi chinangwa basi. Koma chinangwacho tikuchipha tokha ndi mbewu yodwala.

Chowawa n'chakuti munda umaoneka bwinobwino chaka chonse. Mwapalira, mwalimbana ndi mbuzi, tsiku lokumba lafika. Mukuzula phata loyamba, chinangwa chachikulu ndithu, kungoti china chafinyika m'chiuno ngati chinamangidwa ndi luzi. Mukudula ndi mpeni, mkati muli zofiirira, zouma, zolimba. Phata lachiwiri chimodzimodzi, lachitatunso. Mayi amakhala pansi kusenda uku akukolopola zowolazo, dengu lodzaza n'kutsala theka, ndipo ufa wake umatuluka wakuda, kondowole wake ana amangomuyang'ana. Amenewa ndi matenda amene alangizi amati brown streak, ndipo afala m'mbali mwa nyanja monse. Sapiringiza masamba monga matenda ena aja a khate la chinangwa. Yang'anani masamba akunsi, okhwima: amachita chikasu motsatira mitsempha, ndipo tsinde lanthete limakhala ndi timizere tofiirira. Amafala ndi tintchentche toyera tija timakhala kunsi kwa masamba, koma makamaka ndi mitengo yodzala.

N'chifukwa chake anthu ogulitsa mitolo ya mitengo padoko amandipsetsa mtima. Amathothola masamba onse, inu mudziwa bwanji kuti ndi yodwala? Iwo munda wawo akuudziwa! Enanso ndi awa obwera ndi mapulojekiti, kugawa mbewu mu February, itakhala padzuwa masabata awiri, maso atauma, kenaka n'kumati anthu apachilumba ndi aulesi, amangodziwa usipa. Mtengo wa chinangwa ukadulidwa udzalidwe sabata isanathe. Ngati mvula yachedwa, imikani mitolo pamthunzi, kunsi kwake kukhudze dothi lonyowa.

Musalandire mtengo umene simunauone uli m'munda ndi masamba ake. Sankhani mapata athanzi a miyezi 8 mpaka 12, tengani chapakati pa tsinde, nsonga yanthete ndi tsinde lakunsi lokalamba zisiyeni. Dulani ndi chikwanje chakuthwa masentimita 25 mpaka 30, maso 5 mpaka 7. Mizere italikirane masentimita 90, mapandonso 90. Zikani mopendeketsa, magawo awiri mwa atatu alowe m'dothi, maso ayang'ane kumwamba. Mukazondotsa umamera mofooka. Dzalani ndi mvula yoyamba ya December, osati mukamaliza zina zonse. Miyezi itatu yoyamba udzu usakule, ndipo phata lililonse looneka lodwala zulani msanga mukalikwirire, musalimvere chisoni. Kumene matendawa alipo musasiye chinangwa m'munda zaka ziwiri monga ankachitira agogo, chifukwa kuwola kumakula chikamakhalitsa. Kumbani chikakwana chaka, sendani, viikani masiku 3 mpaka 5 mpaka chifewe, yanikani pathandala osati pamchenga, musunge chouma.

Komabe ndinene zoona, minda yambiri pachilumba yadwala kale, moti mbewu yochokera kunja kwa chilumba ikufunika ndithu. Dzerani kwa alangizi akufunsireni ku Mkondezi, malo a kafukufuku aja a ku Nkhata Bay. Mbewu za chinangwa za Sauti ndi Sagonja zimapirira khate kuposa Mbundumali, koma ndi zowawa, musazidye zosaviika. Gwirizanani mabanja angapo, muchulukitse pamunda umodzi wotalikirana ndi minda yakale, mapando masentimita 45, chaka chamawa mugawane.

Pakati pa mizere ikanimo khobwe, amapsa chinangwa chisanatseke ndipo amakonza nthaka. Mbatata yofiira mkati monga Kaphulira kapena Kadyaubwerere imakupatsani chakudya pa miyezi 4 kapena 5: zidutswa za masentimita 30, mapando 30, ndipo muzikwirira ming'alu ya pamzere chifukwa anankafumbwe amalowera pomwepo. Matumbo a nsomba, ndowe za mbuzi, phulusa ndi zinyalala musataye kunyanja, ikani m'dzenje muzithirira, pakatha miyezi iwiri kapena itatu ndi manyowa.

Za chimanga zija, kandime kakang'ono kuseri kwa nyumba, pamanyowa, ka mondokwa wa ana, palibe choletsa. Koma nkhani ya mbuzi zotayirira ikafike kwa amfumu mvula isanayambe, apo ayi zonse ndalembazi zidzathera m'kamwa mwa mbuzi.