Kompyuta ya zonse pamodzi kapena ya bokosi? Yankho kwa wojambula maukwati ku Ulongwe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Amajambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya, ndipo laputopu yake yayamba kukakamira akamakonza kanema wa 4K, wa zithunzi zooneka bwino kwambiri uja. Akufunsa kuti agule kompyuta ya zonse pamodzi, yomwe sikirini ndi makina zili m'chinthu chimodzi monga iMac, kapena ya bokosi, ija ambiri timangoti CPU, n'kugula sikirini payokha.

Achimwene, ine ndikuti tengani ya zonse pamodzi. Anzanu akuuzani kuti ya bokosi ndi yamphamvu, komanso kuti mukhoza kumasintha zam'kati pang'onopang'ono. Sakunama. Koma tiyambe ndi magetsi.

Damu la Cahora Bassa lili kwathu konkuno ku Songo, komabe inu mukudziwa mmene magetsi amaphethirira mvula ikayamba. Bokosi lokhala ndi graphics card (chipangizo choyendetsa zithunzi ndi makanema) yaikulu limatha kudya mawati 400 kapena kuposa likamatulutsa kanema, sikirini osaiwerengera. iMac ya mainchesi 24, imene Apple inatulutsa mu 2021 ndi chipu (ubongo wa kompyuta) cha M1, sifika n'komwe pa mawati 100, sikirini ili momwemo. Ndiye kuti UPS yaing'ono, kabokosi ka batire kogwirizira kompyuta magetsi akathima, ikupatsani mpata wosunga ntchito bwinobwino, ndipo tsiku lina mukadzaika sola simudzafuna mabatire odzadza chipinda. Ine ndinatayapo ntchito ya usiku wonse, kanema wa ukwati atatsala pang'ono kutha, mawa lake ankhoswe akubwera kudzamutenga. Mpaka lero zimandiwawabe.

Palinso fumbi. Bokosi lili ndi mafani angapo okoka mpweya, ndipo mu Okutobala amakoka ndi fumbi lomwe. Inu ku Angónia kumazizira, muli ndi mwayi. Anzathu a mumzinda wa Tete, kumene kutentha kumadutsa madigiri 40, ndi a ku Moatize kwa fumbi la malasha, amatopa n'kupukuta. Makina odya magetsi ochepa satenthanso kwambiri.

Koma chimene chimandikoka mtima kwenikweni ndi sikirini. Ogula bokosi ambiri ndalama zimawathera pa zam'kati, kenaka amatola sikirini iliyonse yotchipa. Amakonza mitundu usiku wonse, kanema akafika pa TV ya eni ukwati nkhope ya mkwatibwi yatuwa, chitenje chofiira chasanduka cha lalanje. Khungu lathu lakudali limafuna sikirini yoonetsa mtundu weniweni, ndipo ya iMac, ya 4.5K, imabwera itakonzedwa kale bwino. Mayi amene wasonkha mametikali ake kuti mwana wake ajambulidwe ayenera kumuona mmene anaonekera tsikulo.

Zovuta zake sindikubisirani. Pa iMac zatsopanozi RAM, memori imene kompyuta imagwiritsa ntchito pa zimene ikuchita nthawi yomweyo, siionjezeredwa mukagula, choncho musalole ya 8GB ngakhale mtengo utakoma bwanji. Yambirani pa 16GB, makamaka ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu yokonzera makanema ya DaVinci Resolve, imene ili ndi mtundu waulere. Apple inasiya kupanga iMac ya mainchesi 27 mu 2022, ndiye mukaipeza kwa ogulitsa zakale dziwani kuti ndi ya chipu cha Intel, yodya magetsi ambiri. Samalaninso ndi za zonse pamodzi zotchipa za mu ofesi, zija za chipu chofooka cha Celeron: zimenezo ndi zolembera makalata, 4K siziitha. Ndipo sikirini ikafa, ntchito yonse yaima. Pa Ulongwe wokonza sapezeka msanga, mwina mpaka mukwere chapa kupita ku Tete, kapena muoloke malire pa Calómuè kulowera ku Lilongwe. Mukanakhala ndi anyamata atatu okonza makanema tsiku ndi tsiku, ndikanakuuzani za bokosi. Koma mwalemba kuti muli nokha.

N'chifukwa chake makanema a anthu asamakhale m'kati mwa kompyutayo. Gulani SSD (chosungira mafayilo chothamanga kwambiri) yakunja yogwirirapo ntchito, ndi hard drive ina yokopererapo zonse madzulo alionse. Yachiwiriyo muzikaisunga kunyumba, osati pa shopu. Kompyuta ikadzapita kokakonzedwa, mudzabwereka laputopu kwa mnzanu, n'kulumikiza SSD ija, ukwati wa eni ake n'kutuluka pa tsiku limene munalonjeza.